KUPHIKA MABISIKETI A KHRISIMASI PAMODZI NDI ANA AANG'ONO

Mwezi wa Disembala ukafika, masukulu a mu Lusaka amatseka, ndipo ana amakhala panyumba kwa masabata angapo. Nyengo imeneyi ndi ya dzinja. Mitambo imasonkhana masana, mvula nigwa. Mango amapsa m'mitengo ya pabwalo, ndipo anthu amayamba kuwerenga masiku otsala kuti afike pa 25 Disembala, tsiku la Khrisimasi. Koma makolo ambiri sapuma pamodzi ndi ana ao. Amalawirira kunchito, ena kumaofesi a ku Cairo Road, ena kumsika wa Soweto, nasiya ana aang'ono m'manja mwa akulu ao. Inu amene muli m'makalasi otsiriza a sukulu ya pulaimale mudziwa bwino kuti katundu ameneyu amagwera pamutu panu.

Kulera mwana wa zaka 3 kapena 5 pa tsiku la mvula si nchito yapafupi. Iye safuna kukhala pansi. Afuna kugwira ciliconse cimene mkulu wake wagwira. M'phunziro lino tiona nchito imodzi imene mkulu ndi wamng'ono angagwirire pamodzi, ndiyo kuphika mabisiketi a cikondwerero. Tiphunzira kumene mabisiketi anacokera, zimene zimacitika m'kati mwa ufa pamene uli pamoto, ndiponso mmene tingapatsire mwana gawo lenileni la nchito popanda kumuika pangozi. Mfundo yotsirizayi ndiyo yaikulu koposa, pakuti ufa ukaonongeka tingagule wina, koma cipsera ca moto cimakhala pathupi la mwana moyo wake wonse.

Makhichini awiri

Tiyeni titenge citsanzo ca Roma. Roma ndi dera la mu Lusaka limene lili kumpoto ca kum'mawa kwa pakati pa mzinda, kufupi ndi Kalundu, ndipo msewu wa Zambezi umadutsa m'menemo. Dzina lake ndi lofanana ndi la mzinda waukulu wa dziko la Italy, ndipo m'derali muli chalichi ca Akatolika ndi sukulu ya atsikana ya Roma Girls. Nyumba zambiri za kumeneko ndi zazikulu, zozingidwa ndi mipanda, ndipo m'makhichini mwake muli masitovu a magetsi okhala ndi uvuni. Koma munthu akangoyenda pang'ono amafika m'komboni ya Ng'ombe, kumene mabanja ambiri amaphika pa mbaula ya makala, amene anthu a m'tauni amati malasha.

Wina angaganize kuti mabisiketi ndi a nyumba zokhala ndi uvuni zokha. Si tero ai. Mbaula ndi mphika waukulu zimagwira nchito yomweyo, monga tiona kutsogoloku. Ndiponso uvuni wa magetsi suli wodalirika masiku onse. Magetsi ambiri a dziko la Zambia amapangidwa ndi mphamvu ya madzi, makamaka ku Kariba ndi ku Kafue Gorge. M'caka ca 2024, cilala citacepetsa madzi m'nyanja ya Kariba, magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku lililonse, ndipo mabanja a ku Roma, ku Kabulonga ndi ku Woodlands anatulutsa mbaula monga anzao a ku Ng'ombe. Cotero mwana wanzeru amaphunzira njira zonse ziwiri.

Kumene mabisiketi anacokera

Mau akuti bisiketi anafika kwa ife kudzera m'Cingelezi, koma gwero lake ndi mau awiri a Cilatini otanthauza "cophikidwa kawiri". Kale amalinyero a ku Ulaya anali kukhala panyanja miyezi yambiri. Mkate wamba unali kucita cuku patapita masiku owerengeka. Tsono ophika anali kuocha mkate, naubwezanso pamoto wocepa kufikira madzi onse atauma. Mkate wotero unali wolimba ngati thabwa, koma unali kukhala nthawi yaitali osaonongeka. Apa taphunzira kale cinthu coyamba: bisiketi ndi mkate wouma, ndipo kuuma kwakeko ndiko kumaisunga.

Pambuyo pake anthu anayamba kuthiramo uci, shuga, mafuta ndi zonunkhira. Masiku amenewo shuga ndi zonunkhira monga jinja ndi sinamoni zinali kucokera kumaiko akutali, ndipo mtengo wake unali wokwera, kotero kuti anthu wamba anali kuzisungira masiku a cikondwerero. Ndi cifukwa cake timikate totsekemera tinasanduka cakudya ca Khrisimasi. Mzinda wa Nuremberg ku Germany wakhala wodziwika kwa zaka mazana ambiri cifukwa ca mikate yake ya uci ndi zonunkhira, imene anthu amagula m'nyengo imeneyi.

Ifenso tili ndi mikate yathu. Pali zitumbuwa, zimene m'tauni amati vitumbuwa, ndiponso cikondamoyo ca ufa wa cimanga, cimene ena amati cigumu. Amai amene amadziwa kuphika cikondamoyo mumphika wosenza makala pacivindikiro adziwa kale theka la nchito yophika mabisiketi.

Zofunika ndi nchito yake

Kuti tiphike mabisiketi okwana ngati 30, tifuna zinthu izi: makapu 2 a ufa wa tirigu, ndiwo magalamu 250, theka la kapu la shuga, magalamu 125 a majarini kapena batala, dzira 1, supuni 1 yaing'ono ya baking powder, mcere wongotsina ndi zala, ndi theka la kapu la nsawa zokazinga ndi zosinja, zimene ena amati mtedza.

Zambiri mwa zinthu izi ndi za m'dziko mwathu muno. Tirigu sakonda kutentha ndi cinyontho ca dzinja, cotero alimi a ku Mkushi, ku Chisamba ndi ku Mazabuka amamubzala poyamba pa nyengo yozizira, namthirira ndi makina, nakolola ca mu Seputembala ndi Okutobala. Shuga wambiri amacokera ku nzimbe za ku Nakambala, m'boma la Mazabuka, zimene zimamwa madzi a mtsinje wa Kafue. M'caka ca 1998 dziko la Zambia linayamba kuthira vitamini A mu shuga wa pakhomo, pakuti vitamini ameneyu amathandiza maso ndi kulimbitsa thupi. Nsawa zimalimidwa kwambiri m'cigawo ca Kum'mawa, ku Chipata, ku Katete ndi ku Lundazi, ndipo za mtundu wa Chalimbana zimadziwika ndi njere zake zazikulu.

Cinthu ciliconse cili ndi nchito yake. Ufa ndiwo thupi la bisiketi. M'kati mwa ufa wa tirigu muli cinthu cochedwa gluten, cimene cikanyowa ndi kukandidwa cimatamuka ngati ulimbo. Pophika buledi timafuna kutamuka kumeneku, koma pophika mabisiketi sitikufuna, pakuti kumawalimbitsa ngati cikumba. Majarini amakuta tinjere ta ufa kuti madzi asatilowe msanga, ndipo ndiye amene amacititsa bisiketi kufumbutuka bwino m'kamwa. Shuga amatsekemeretsa, nathandizanso kuti bisiketi ifiire pamoto. Dzira limamanga zonse pamodzi.

Nanga baking powder? Uyu ndi ufa woyera wopangidwa ndi soda wophikira pamodzi ndi cowawasa couma. Zinthu ziwirizi zikakumana ndi madzi ndi kutentha zimatulutsa mpweya wochedwa carbon dioxide, ndipo timathovu ta mpweyawu timafufumitsa bisiketi. Munthu wina wopanga mankhwala wa ku Birmingham ku England, dzina lake Alfred Bird, anapanga ufa wotere m'caka ca 1843, cifukwa mkazi wake anali kudwala akadya mkate wa yisiti. Koma musaganize kuti mukathira wambiri mabisiketi adzakoma koposa. Akacuruka amawawitsa cakudya, ndipo shuga yense mwathira uja apita pacabe.

Kukonzeka

Coyamba, pemphani cilolezo kwa makolo, pakuti ufa, shuga ndi mazira zimagulidwa ndi ndalama zimene iwo anakhetsera thukuta. Pangananinso tsiku limene munthu wamkulu adzakhalapo, kaya amai pa Loweruka, kaya ambuya kapena azakhali. Kusakaniza ufa ndi nchito ya ana, koma moto suyatsidwa popanda wamkulu. Funsaninso ngati pali mwana amene amatupa kapena kucita zidzolo akadya nsawa kapena mazira. Ngati alipo wodana ndi nsawa, zisiyeni, muthire khungu la lalanje lopala m'malo mwake.

Caciwiri, aliyense asambe m'manja ndi sopo ndi madzi abwino, ndipo inu musambitse wamng'ono kufikira pakati pa zala. Dzinja ndiyo nyengo ya matenda otsekula m'mimba. M'dzinja la 2023 kulowa 2024 kolera inavuta kwambiri mu Lusaka, kotero kuti bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwa malo ocizira odwala, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa. Tsukaninso tebulo, mbale ndi mthiko, ndipo muvindikire zakudya kuti nchenche zisaterepo.

Cacitatu, sankhani nsawa musanazikazinge. Tayani zonse zofota, zakuda ndi za cuku, pakuti cuku ca nsawa cimapanga poizoni wochedwa aflatoxin, amene amaononga ciwindi ndipo satha ndi moto wophikira. Nchito yosankhayi ndi ya ana okulirapo. Mwana wosafika zaka 5 musampatse njere yathunthu, cifukwa angatsamwe nayo. Iye adye nsawa zosinja zokha.

Aliyense ndi gawo lake

Mutu umodzi susenza denga. Musanayambe, uzani mwana aliyense nchito yake, kuti pasakhale kulimbirana mbale. Wa zaka 3 angathire m'mbale ufa umene inu mwayesa kale. Wa zaka 4 kapena 5 angavundule, angadule mabisiketi, nawawerenga. Wa zaka 6 kapena 7 angayese makapu ndi kuswa dzira. Inu ndinu woyang'anira, ndipo maso anu akhale pa manja a ana koposa pa mbale.

Yambani ndi kuika majarini ndi shuga m'mbale yaikulu, muvundule ndi mthiko kufikira zitafewa ndi kuyererapo. Pamenepa tinjere ta shuga timaboola majarini, mpweya nulowa m'timaenje timeneto, ndipo bisiketi idzakhala yopepuka. Nchitoyi imatopetsa mkono. Ana alandizane mthiko, aliyense avundule pamene anzake awerenga kufikira 20, kapena pamene aimba nyimbo monga acita amai pamtondo.

Kenaka swerani dzira m'kapu yapadera. Tikacita tero timaona ngati dziralo lili labwino, ndiponso timatola zigoba zimene dzanja la mwana lagwetseramo. Dzira lovunda likagwera m'mbale yaikulu, zonse ziyenera kutayidwa. Mukaona kuti lili bwino, lithireni m'mbale, muvundulenso.

Tsopano sefani ufa pamodzi ndi baking powder ndi mcere, kuti cofufumitsaco cifalikire ponseponse. Thirani ufawo pang'onopang'ono pamodzi ndi nsawa, musakanize kufikira zonse zitagwirana kukhala mtanda umodzi wofewa. Pamenepo lekani. Ana amakonda kukanda ndi kumenya mtanda, koma takumbukirani za gluten uja. Ngati mtanda umata m'manja, onjezani supuni ya ufa; ngati ukuyoyoka, thirani supuni ya mkaka. Tsiku likakhala lotentha, uvindikireni, muuike pozizira kwa mphindi 30 kuti majarini alimbenso.

Wazani ufa pang'ono patebulo, mupapatize mtandawo ndi mtengo wake kapena ndi botolo loyera, kufikira ucindikale ngati theka la sentimita. Kamwa la kapu limadula mabisiketi ozungulira bwino lomwe. Musagwiritse nchito citini cotsegulidwa ndi mpeni, pakuti m'mbali mwake ndi mwakuthwa. Ana amene amadziwa kuumba ng'ombe zadothi adzafuna kuumba nyenyezi, mwezi ndi nsomba. Aloleni, koma muone kuti zonse zicindikale mofanana, cifukwa copyapyala cimapserera cisanapse cinzake. Angalembe mizere ndi foloko, kapena kudinda pakati ndi cala cacikulu ndi kuikapo kadontho ka jamu.

Pali lamulo limodzi limene simuyenera kulifewetsa ngakhale mwana alire: mtanda wosaphika sudyedwa. M'dzira laliwisi ndi mu ufa wauwisi mungakhale tizirombo todwalitsa m'mimba, timene timafa ndi moto wokha. Mpatseni kagawo ka mango kuti pakamwa pake patanganidwe.

Nyenyezi ya mwana wa zaka 4 idzakhala yopotoka, ndipo ufa wina udzagwa pansi. Mtima wanu udzafuna kumlanda nchito kuti muicite nokha msanga. Musatero. Mwana amene alandidwa nchito amaphunzira kuti manja ake ndi acabe, ndipo mawa mukamuitana adzakana. Muonetseni kamodzi, mugwire dzanja lake kaciwiri, ndipo kacitatu mumleke ayese yekha. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Nyenyezi yopotoka imakoma cimodzimodzi ndi yoongoka, ndipo mwini wake adzaizindikira pakati pa zonse zikacoka pamoto. Pamene awerenga mabisiketi, nayesa kapu ndi theka lake, ayamba kale masamu amene adzakumana nao kusukulu.

Nthawi ya moto

Musanayatse moto, lembani mzere pansi ndi coko, mapazi atatu aakulu kucokera pa sitovu kapena pa mbaula, ndipo muuze ana kuti mzerewo sudumphidwa. Kuti asaone ngati mwawathamangitsa, apatseni nchito yoyang'ana wochi.

Ngati muphika mu uvuni, wamkulu autenthetse kwa mphindi 10 kufikira madigiri 180. Pakani majarini pang'ono pa thireyi, muyale mabisiketi motalikirana mpata wa zala ziwiri, pakuti amatambasuka. Amapsa pa mphindi 12 kufikira 15, ndipo cizindikiro cake ndi kufiira kwa m'mbali.

Ngati muphika pa mbaula, tengani mphika waukulu wacitsulo, muthiremo mcenga woyera ndi wouma wakuya zala ziwiri, muuvindikire, utenthe. Ikani mabisiketi m'mbale yacitsulo pamwamba pa mcengawo, muvindikire ndi citsulo cathyathyathya, ndipo wamkulu aike makala amoto pamwamba pake. Mcenga umalandira kutentha kwa pansi nukugawa mofanana, kuti mabisiketi asapserere kunsi; makala a pamwamba amafiiritsa kumtunda. Moto wa pansi ukhale wocepa. Patapita mphindi 10, wamkulu asuzumire, naonjeze kapena kucepetsa makala. Mbale yoyamba imaphunzitsa mmene moto ulili, cotero muikemo mabisiketi owerengeka okha.

Mvula ikagwa, ena amalowetsa mbaula m'nyumba natseka zitseko ndi mazenera. Kucita tero nkoopsa kwambiri. Makala oyaka amatulutsa mpweya wochedwa carbon monoxide, umene suoneka ndiponso sununkha. Munthu amayamba kumva mutu ndi cizungulire, nagwidwa tulo, ndipo angafe osadzuka. Phikirani pakhonde kapena pamalo pamene mphepo ipita. Ponyamula mbale yotentha gwirani ndi nsalu youma yopinda, pakuti nsalu yonyowa imapititsa kutentha msanga niocha dzanja.

Mwana akapsa, itanani wamkulu, ndipo muthire madzi oyera ozizira pamalo opsawo kwa mphindi 20. Musapakepo mafuta, dzira kapena mankhwala otsukira mano, pakuti zimenezi zimasunga kutentha ndi kudetsa bala. Phimbani ndi nsalu yoyera. Ngati patuluka matuza, kapena ngati bala lili lalikulu kapena lili kumaso ndi m'manja, mwanayo apite kucipatala msanga.

Kusunga ndi kugawa

Mabisiketi amacoka pamoto ali ofewa. Musawabwezenso poganiza kuti sanapse. Alekeni azizire, nthunzi ikatuluka, shuga ndi mafuta zikalimba, adzakhala okhuthuza bwino. Atazizira ndithu, aikeni m'citini cotseka zolimba, cifukwa shuga amakoka cinyontho ca mumpweya wa dzinja, ndipo bisiketi yosiyidwa poyera imafewa usiku umodzi. Osungidwa bwino amakhala sabata lathunthu. Ana adye awiri kapena atatu atatha kudya nsima, osati isanafike, ndipo atsuke mano asanagone.

Nchito sinathe kufikira mbale zitatsukidwa. Wamng'ono apukute tebulo, wina asese ufa, ndipo wamkulu azime makala ndi kuika mbaula kutali ndi mapazi a ana, popeza phulusa limabisa moto.

Pomariza khalani pansi, muwerenge mabisiketi pamodzi, muwagawe m'magawo: a pakhomo, a ambuya, a anansi, ndi a anthu amene amathandiza nchito panyumba. Kupatsa nkuika. Mbale ya ambuya anyamule ndi wamng'ono uja amene anaumba nyenyezi yopotoka. Mphunzitseni kuigwira ndi manja awiri, kugwada pansi ndi kunena kuti, "Ambuya, landirani, taphika ndife." Mwana amene wanena mau amenewa, podziwa kuti ndi oona, adzabweranso kukhichini caka camawa, ndipo tsiku lina adzalemba mzere wa coko pansi pofuna kuteteza mng'ono wake.

Mafunso

1. Kodi mau akuti bisiketi atanthauza ciani, ndipo amalinyero anali kuphikiranji mkate kawiri?
2. Chulani malo amene kumacokera tirigu, shuga ndi nsawa za m'dziko la Zambia.
3. Nchifukwa ninji sitikanda mtanda wa mabisiketi nthawi yaitali?
4. Kodi mcenga wa mumphika umagwira nchito yanji?
5. Fotokozani kuopsa kwa mbaula m'nyumba yotseka.
6. Mwana akapsa ndi moto, muyenera kucita ciani, ndipo simuyenera kucita ciani?
7. Banja lina lifuna mabisiketi 60. Lembani muyeso wa cinthu ciliconse cimene lidzafuna.